Kuluka nkhani ya filimu ya mazombi: malangizo kwa olemba a ku Ntcheu ndi Dedza

Filimu ya mazombi imakoma kapena kuipa ikadali papepala, kamera isanayatsidwe. Magulu ongoyamba kumene amathamangira magazi abodza, zovala zong'ambika ndi anyamata makumi awiri oti aziyenda modzikoka. Filimu ikatuluka, oonera amakuwa mphindi khumi zoyambirira, pofika pakati ayamba kuseweretsa mafoni. Chimachititsa n'chakuti zombi, lomwe ndi wakufa woyenda, siliganiza, sililankhula ndipo silisintha, choncho likaoneka kachitatu maso alizolowera. Lili ngati moto wa pansi pa mphika: ntchito yake n'kuwiritsa zimene mwaikamo. Chimene chimamugwira munthu pabenchi mpaka kumapeto ndi anthu amoyo ndi zimene akukakamizika kuchitirana. M'malangizowa tiyenda ndi chitsanzo chimodzi, nkhani yoyambira pamsika wa Lizulu, kukhota pa Masasa, n'kutsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti.

Choyamba: dziwani chimene chikuyenda panjapo

Woonera wa kuno akaona wakufa akuyenda, maganizo ake amafikira pa ndondocha. Ndondocha imakhala ndi mwini wake amene anaikhwimira, ndipo nkhani yake imalunjika pa funso limodzi: mwiniwakeyo ndani? Mafilimu akale a mazombi, otengera zikhulupiriro za ku Haiti, analinso otero. Mtundu umene tikukamba pano ndi wina. Unakhazikika mu 1968 ndi filimu ya George A. Romero yotchedwa Night of the Living Dead: akufa alibe wowatuma, amadya amoyo, wolumidwa amadwala n'kufa n'kudzuka ali mmodzi wa iwo, ndipo amagwa pokhapokha mutu utaphwanyidwa. Funso la mtundu uwu ndi loti apulumuke ndani, ndipo apulumuka atataya chiyani.

Sankhani chimodzi. Mukasakaniza mosadziwa, woonera amatha filimu yonse akudikira kuti mumuonetse mfiti, ndipo mathero akafika amaona ngati mwamupusitsa. Njira yabwino ndi iyi: inu olemba mudziwe kuti ndi matenda, koma atengambali ena akhulupirire kuti ndi ndondocha, aloze chala mwini chigayo amene walemera mwachangu. Apo mwapeza mkangano wa anthu amoyo osalipira kalikonse. Ingosamalani kuti filimu ionetse poyera kuti kulozana chalako kunali kulakwa ndipo kunaphetsa anthu. Agogo athu ena anagendedwapo kale chifukwa cha mphekesera zotere, ndipo lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Filimu yanu isasonkhezere moto umenewo.

Chachiwiri: malamulo a matendawa, patsamba limodzi

Musanalembe sini ngakhale imodzi, tengani pepala mulembepo malamulo, ndipo aliyense m'gulu lanu akhale nalo. Muyankhe kuti matendawa amafala bwanji, wolumidwa amatenga nthawi yaitali bwanji kuti asinthe, mazombi amayenda liwiro lotani, amakopeka ndi chiyani, amaphedwa bwanji, nanga n'chiyani chimene sangathe kuchita.

Pa mafunso onsewa, la nthawi ndi limene limalamula filimu yonse. Wolumidwa akamasintha m'masekondi khumi, mudzangokhala ndi kuthamangitsana kokhakokha, popanda mpata wobisa bala, wokangana za chochita naye, kapena wotsanzikana. Akamasintha patatha masiku atatu, mantha amazilala. Pa filimu ya ndalama zochepa ikani maola 6 mpaka 12. Wolumidwa madzulo agone ndi anzake usiku wonse, aliyense akudziwa kuti pofika m'bandakucha pachitika chinthu.

Mazombi othamanga, amene anatchuka kwambiri ndi filimu ya 2002 yotchedwa 28 Days Later, amafuna osewera amphamvu, malo aakulu opanda anthu odutsa, ndi wojambula wodziwa kuthamanga ndi kamera. Pamiyala ya kwathu kuno wina sachedwa kubinya phazi. Oyenda pang'onopang'ono savuta kujambula, ndipo amaopsa ndi kuchuluka kwawo. M'chitsanzo chathu tatenga nyengo n'kuisandutsa lamulo: kuzizira kumawalemetsa thupi, kutentha kumawapatsa liwiro. Mu Juni ndi Julaye, kumtunda kwa Lizulu ndi Bembeke, m'mawa wa chifunga akungodzikoka, ndipo atengambali akuganiza kuti ndi mmene alili basi. Lisungeni lamulo limeneli, tidzalifuna kutsogoloku.

Lamulo mukaliika musaliswe. Ngati pa mphindi 20 zombi linalephera kutsegula chitseko, lisadzatsegule pa mphindi 70 chifukwa choti mwasowa polilowetsera. Za kumene matenda anachokera musataye nazo nthawi. Mawu awiri oduka-duka pawayilesi akukwana.

Chachitatu: yambirani pa chisankho chomaliza

Olemba ambiri amayamba ndi sini yoyamba n'kumapita kutsogolo, poganiza kuti mathero adzapezeka panjira. Inu yambirani kumapeto. Dzifunseni kuti pa mphindi 80 mtengambali wamkulu adzachita chiyani chimene pa mphindi 5 sakanachita ngakhale mutamulipira. Mtunda wa pakati pa ziwirizi ndiko kusintha kwa munthuyo, ndipo masini onse mudzawamanga pomuyendetsa mtunda umenewo.

Mulembereni mizere inayi yokha: chimene akufuna, bodza limene amalikhulupirira, bala limene linabereka bodzalo, ndi chimene adzachite posonyeza kuti walisiya.

Nachi chitsanzo. Mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto anakwatira chikamwini m'mudzi wina pafupi ndi Lizulu. Mkazi wake anamwalira miyezi ingapo yapitayo osasiya mwana, ndipo iye akungodikira kuti akuchikazi amusudzule abwerere kwawo. Chimene akufuna n'kuchoka. Bodza lake ndi loti chibale chake ndi anthu awa chinakwiriridwa limodzi ndi mkaziyo. Bala lake: pa matenda anagulitsa zonse zimene anali nazo kupatula njingayo, koma pamaliro palibe anamufunsa maganizo, mwinimbumba ndiye ankalamula chilichonse. Pakhomopo patsala apongozi ake aakazi, amene mwamwambo sadya nawo pamodzi, sawayang'ana m'maso, akakumana panjira iye amapatuka. Paliponso mlamu wake wa zaka 12. Chochita chomaliza ndi ichi: apongozi atalumidwa n'kumuuza kuti azipita, iye akuwabereka kumsana.

Taonani kuti kusinthaku n'kooneka ndi maso. Sakufunika kunena kuti tsopano wazindikira kuti ndi abale ake. Munthu wa ku Ntcheu akangoona mkamwini atabereka apongozi, wamva zonse. Ngati kusintha kwa mtengambali wanu kukufuna kulongosoledwa pakamwa, simunapezebe chochita choyenera. Pitirizani kufuna.

Kenako dulani mtundawo m'masitepe. Cha pa mphindi 15 akuthawa yekha panjinga, ndipo akubwerera chifukwa msewu watsekeka ndi magalimoto, osati chifukwa cha chifundo. Pa mphindi 35 akuthandiza, koma mwa malonda: avomera kukatunga madzi ngati mwini chigayo amupatse petulo. Pa mphindi 50 akupulumutsa mlamu wake asanaganize n'komwe, kenako akumukalipira mwanayo, chifukwa wadzidabwa yekha. Pa mphindi 65 akubwerera ku khalidwe lake lakale, akulisiya gulu usiku, ndipo wina akufa chifukwa cha zimenezo. Kubwerera m'mbuyoku musakudumphe. Munthu wosintha molunjika ngati akukwera makwerero palibe amamukhulupirira, ndipo popanda mlandu umenewu pamtima pake, kubereka apongozi kuja kulibe kulemera.

Si onse ayenera kukwera. Mmodzi atsike: mkulu wa mpingo amene pachiyambi akugawira anzake chakudya chake, kumapeto akukankhira mnzake kwa mazombi kuti iye adutse. Mmodzinso asasinthe n'komwe. Apongozi ali chimodzimodzi kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ndipo ndi pa iwo pamene woonera akuyezera ena onse.

Chachinayi: gulu ndi ndondomeko ya imfa

Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akukwana. Akapitirira apo woonera saloweza nkhope zawo ndipo imfa zawo sizimupweteka. Aliyense mumupatse luso limene gulu silingayende popanda ilo, chinsinsi chimodzi, ndi yankho lakelake pa funso loti wina akagogoda usiku, titsegule kapena ayi.

Gulu lathu ndi ili: mkamwini ali ndi njinga; apongozi akudziwa njira zachidule za m'mapiri; mlamu ndi wamng'ono thupi, amalowa pazenera; mayi mlangizi wa zaumoyo amadziwa mabala; mkulu wa mpingo amamvedwa akalankhula; mwini chigayo ali ndi chitseko chachitsulo, makiyi ndi mafuta.

Mdani weniweni wa filimu yotereyi amakhala munthu, ndipo ambiri amalakwitsa pomupanga woipa kuyambira tsiku lobadwa. Mwini chigayo akunena kuti asatsegulire aliyense. Muloleni kuti nthawi ina anene zoona: tsiku limene amunyozera n'kutsegula, alowetsa munthu wolumidwa. Woonera ayenera kudzimva yekha akuti, "komatu bamboyu sakunama." Mkangano umene mbali imodzi yokha ndiyo ili ndi nzeru umatha msanga.

Lembani mayina onse pamzere motsata mmene adzafere, ndipo pambali pa dzina lililonse muyankhe mafunso awiri: wafa chifukwa cha chisankho cha ndani, nanga gulu lataya chiyani? Mlangizi wa zaumoyo akafa, palibenso wotha kusiyanitsa bala la waya waminga ndi la mano, ndiye kuyambira pamenepo kakanda kalikonse ndi mlandu. Imfa yongochitika chifukwa munthu wapunthwa pothawa ndi yotayika. Ngati mwaika mtengambali amene ntchito yake n'kukuwa kokha, muchotseni kapena mumupatse luso.

Chachisanu: mapu ndi zinthu zowerengeka

Jambulani mapu ndi pensulo: msika, chigayo, mjigo, mphambano ya Masasa, makona a Khwekhwelere, chigwa cha kumunsi. Malo atatu akuluakulu akukwana pa ndalama zochepa: pobisala, panjira, ndi pamene akuganiza kuti pali chipulumutso. Chigayocho muchijambule padera, zitseko zingati, zenera lili kuti, kuchokera pakhomo kukafika pamjigo ndi mapazi angati. Woonera akadziwa malo amayamba kuopa asanaone zombi, chifukwa akudziwa kuti chitseko cha kuseri chija n'chofooka.

Werengani katundu, ndipo muwerengere pamaso pa woonera: malita awiri a petulo m'botolo loonekera mkati, zigubu zitatu za madzi, foni imodzi yotsala pang'ono kuzima, tochi imodzi. Botolo lija lizioneka likutsika. Zida zikhale za pakhomo, monga khasu, chikwanje, musi ndi chibonga. Mfuti imafupikitsa mavuto amene inu mukufuna atalike, komanso woonera adzafunsa kumene wa kabaza waitenga.

Chachisanu ndi chimodzi: kuyala nkhani mphindi ndi mphindi

Tsamba limodzi la sikiripiti, lolembedwa ndi zilembo za Courier saizi 12, limatenga pafupifupi mphindi imodzi pafilimu. Filimu ya mphindi 90 ndi masamba pafupifupi 90: gawo loyamba kotala, lapakati theka, lomaliza kotala.

Mphindi 1 mpaka 10 ndi tsiku wamba. Ndi tsiku la msika pa Lizulu, kabichi, tomato ndi kachewere zili milumilu m'mbali mwa M1, maminibasi akuimba mahutala, kutsidya kwa msewu ndi ku Mozambique. Apa muonetse bodza la mtengambali likugwira ntchito: waona apongozi asenza thumba, wakhotetsa njinga n'kudzera njira ina. Mubzalenso zonse zimene mudzakolole: khasu lotsamira pakhonde, mphekesera za chipinda chokhoma cha kuseri kwa chigayo, anthu atavala majuzi ndi zipewa za kuzizira. Zizindikiro za tsoka zikhale zazing'ono, minibasi yaima pamsewu zitseko zili zotsegula mulibe munthu, agalu akulira mbali imodzi yokha. Musafupikitse gawo ili pofuna kufika msanga pamagazi. Tikapanda kuona moyo umene ukutayika, sitidandaula ukatayika.

Pa mphindi 10 mpaka 12, kuluma koyamba. Kuchitike pafupi, ndipo wolumidwayo akhale munthu amene tamuona kale akuseka kapena kunenerera mtengo wa tomato.

Kuchokera pa 12 mpaka 25 n'chipwirikiti, ndipo chithere pa chitseko cha chigayo chikutsekedwa, anthu asanu ndi mmodzi aja ali mkati. Mkamwini watsekeredwa m'chipinda chimodzi ndi apongozi, palibe kopatukira. Gawo loyamba lathera pomwepo.

Kuyambira 25 mpaka 45 ndi pamene mafilimu ambiri amagona tulo, chifukwa olemba amangobwereza sini imodzi: mazombi agogoda, anthu akuwa, mazombi achoka. Pewani zimenezo popatsa sini iliyonse ntchito yake. Ina iphunzitse lamulo kudzera m'kulakwitsa: foni yalira, mazombi onse atembenukira kuchigayo, tadziwa kuti amatsata phokoso. Ina ichepetse katundu. Ina iulule chinsinsi. Ikanimonso sini imodzi ya mpumulo weniweni, aphika phala ndi ufa wa m'chigayomo, wina wanena nthabwala, aseka. Kusekako ndi kumene kudzapweteke pambuyo pake.

Pa mphindi 45 pobisala pagwe, ndipo pagwe ndi manja awo omwe. Mkulu wa mpingo, potsimikiza kuti m'chipinda chokhoma chija muli ndondocha, akuthyola loko usiku. Akupeza matumba a gaga basi, koma chitseko cha chipindacho chotulukira kunja n'chovunda, ndipo mazombi alowera pomwepo. Ngati mazombi agwetsa okha chitseko chachitsulo, mwataya mwayi waukulu. Tsopano akuthawira ku Golomoti, kumene amva pawayilesi kuti kuli asilikali ndi sitima.

Cha pa mphindi 60 lamulo lija libwere. Akutsika Khwekhwelere, dzuwa likuwomba, akuvula majuzi, ndipo zombi limene analizolowera likudzikoka likuyamba kuthamanga. Musafotokoze. Muonetse thukuta, muonetse juzi ikuvulidwa, kenako liwirolo. Wina m'gulu azindikire mochedwa kuti kumene akulowera ndi kotentha koposa.

Mphindi 65 mpaka 75 ndi pansi penipeni. Mkamwini wathawa ndi njinga, mlangizi wa zaumoyo wafa poteteza mwana, ndipo iye akufika kumunsi n'kupeza kuti kulibe asilikali, kulibe sitima. Petulo watha. Akubwerera wapansi n'kupeza apongozi atalumidwa. Njira ya moyo tsopano ndi yokwera, kubwerera kozizira kumene wakhala akufuna kuchokako filimu yonse. Mukapeza malo amene ulendo wa miyendo ndi ulendo wa mtima zikutembenukira pamodzi chonchi, gwirani pomwepo.

Pampondachimera ndi mphindi 75 mpaka 88. Vuto la mazombi ndi vuto la mumtima zithere m'sini imodzi. Akukwera phiri atabereka apongozi, mazombi akumutsatira, ndipo pamene akukwera iwo akucheperachepera liwiro, koma nayenso mphamvu zikumuthera. Chipulumutso chisachokere kunja. Ndege ya asilikali yongotulukira pa mphindi 87 imafafaniza zonse zimene munthuyu wavutikira.

Mphindi ziwiri zomaliza zionetse amene watsala ndi mmene watsalira. Angapulumuke, angafe mwana n'kupulumuka, kapena angapulumuke kwa mazombi n'kuphedwa ndi anthu anzake, monga inathera filimu ya 1968 ija. Sankhani mathero amene akuyankha bodza limene munalemba pamzere wachiwiri uja.

Ngati mukupanga filimu yaifupi ya mphindi 15 kapena 20, musapanikize zonsezi. Tengani malo amodzi, anthu atatu, ndipo muyambire pamene chitseko chatsekedwa kale, mmodzi atalumidwa.

Chachisanu ndi chiwiri: sini ya wolumidwa

Sini iyi muilembe kangapo, chifukwa ndi imene anthu adzaikumbukire. Ili ndi magawo anayi, ndipo lililonse lipatseni mpata wake. Poyamba kubisa: apongozi akokera chitenje pamkono, akukana chakudya, akuyenda kumbuyo kwa onse. Woonera adziwe atengambali asanadziwe, mphindi zitatu kapena zisanu, kuti azivutika yekha. Kenako kuululika, ndipo aulule ndi munthu amene zimupweteke kwambiri, pano ndi mwana uja. Chachitatu mkangano: tiwasiye, tiwamange, kapena tiwathandize kufa? Aliyense alankhule mogwirizana ndi mmene munamulembera. Pomaliza kutsanzikana.

Mawu akhale ochepa, ndipo atsate ulemu wa anthuwo. Mwachitsanzo:

APONGOZI (akuyang'ana kumbali, monga mwa masiku onse): Apongozi, nyamukani ndi mwanayu. Ife takusudzulani. Mulibenso mangawa pakhomo pathu.

(Mkamwini ali chete, maso ali pansi. Chimene wakhala akuchidikira miyezi yonseyi wapatsidwa. Akutukula maso n'kuwayang'ana kumaso, koyamba m'filimu yonse. Akugwada, akutembenuza msana.)

MKAMWINI: Kwerani, amayi.

Kuti mawu awiriwa agwire ntchito, onetsetsani kuti m'masamba onse a m'mbuyo sanawatchulepo "amayi" ngakhale kamodzi.

Pali chinthu china chimene olemba a kuno tili nacho champhamvu kwambiri: maliro. Kwathu munthu satayidwa. Pamakhala kusambitsa thupi, kugona pasiwa, adzukulu okumba manda, mfumu yopereka chilolezo, nyimbo usiku wonse. Matenda amene akukakamiza munthu kuphwanya mutu wa mbale wake n'kumusiya panjira akuswa zonsezi nthawi imodzi, ndipo atengambali anu asazione mopepuka. Wina akane kuchoka mpaka thupi likwiriridwe. Kukumba kuli ndi phokoso, phokoso likuitana mazombi, choncho mwambo ndi moyo zikukokana, ndipo mwapeza sini yathunthu. Kumenya kwenikweniko musakuonetse. Kamera ikhale pa mwana atatseka makutu, kapena pa chitenje chikufunditsidwa. N'kosavuta kujambula, ndipo kumalasa mtima kuposa magazi.

Chachisanu ndi chitatu: makadi, kenako kuwerenga mokweza

Dulani mapepala pafupifupi 40, sini iliyonse pepala lake. Lembanipo malo, amene alipo, ndi chimene chasintha pofika kumapeto kwa siniyo. Ngati palibe chasintha, tayani pepalalo. Yalani onse pansi motsatana, ndipo a masini a mazombi muwachonge ndi cholembera chofiira. Pasadutse mphindi zoposa 10 kapena 12 popanda chofiira, komanso zofiira zisatsatane zitatu popanda popumira. Kuukira kwakukulu kukhale katatu kokha, pamsika, pachigayo ndi paphiri, ndipo kulikonse kusiyane ndi kunzake: kwina masana pakati pa khamu, kwina mumdima m'chipinda chothina, kwina poyera popanda pobisala.

Kenako yesani kulumikiza makadiwo pakamwa. Ngati pakati pa makadi awiri mukungoti "kenako", ulusi ndi wofooka. Pazikhala "chifukwa cha zimenezo" kapena "koma". Anathyola loko, chifukwa cha zimenezo mazombi analowa. Anathawira kumunsi, koma kumunsi n'kotentha.

Sikiripiti ikatha, sonkhanitsani anthu oti awerenge mokweza, wina agwire wotchi, ndipo muitane anthu atatu kapena anayi amene sakuidziwa nkhaniyo, pakhale ndi wachikulire mmodzi. Musawafunse ngati yawakomera, adzakuyankhani mwaulemu. Afunseni kuti mnyamata uja amafuna chiyani pachiyambi, ndi imfa iti imene yawapweteka, nanga ndi pati pamene anayamba kuganiza zina. Akasiyana mayankho pa funso loyamba, konzani mphindi khumi zoyambirira. Akatchula malo amodzi pa funso lachitatu, dulani pamenepo ngakhale siniyo mumaikonda. Wachikulire uja adzakuuzaninso pamene mkamwini walankhula mawu amene mkamwini weniweni sangawanene pamaso pa apongozi.

Zina zimaoneka ngati za tsiku lojambula, koma zimakhudza zolemba, choncho zithetseni panopa. Musalembe sini ya kumanda musanalankhule ndi mfumu. M'midzi yambiri ya Achewa ku Dedza kumanda n'kumene kuli dambwe, ndipo si malo oti gulu la kamera lingolowa. Manda a m'filimu mungawakonze m'munda wobwereka ndi milu ya dothi. Maonekedwe a mazombi anu asayandikire zilombo za gule wamkulu, kaya ndi chigoba, nthenga kapena kudzola dothi thupi lonse, chifukwa kumeneko n'kunyoza mwambo, ndipo woonera adzasokonezeka kuti mukunena chiyani. Sini ya pamsika ikufuna chilolezo cha akuluakulu a msika ndi kudziwitsa apolisi, popeza anthu odzola magazi akuthamanga pafupi ndi M1 angayambitse ngozi yeniyeni. Ngati chilolezocho chikuvuta, ilembeni siniyo kuti ioneke kuchokera mkati mwa golosale imodzi, phokoso la msika lizimveka panja.